Mipando Yomwe Ndinasokera Galimoto ya Boyd

Anzanga, ine ndine Pamela wa ku Kakumbi, kuno ku Mfuwe. Ndimasoka mipando ya magalimoto oonetsa alendo nyama m'maloji. Tsiku lina pa shopu panga panafika mnyamata manja ali bii ndi girisi, atasenza mpando wakutha pamutu.

"Mwaswera bwanji, asisi? Ndine Boyd. Ndikufuna mundisokere mipando ya sports car."

Ndinaseka mpaka singano inagwa.

"Sports car kuno? Muzikathamangitsana ndi njovu?"

"Loweruka mubwere mudzaone nokha."

Ndinapitadi. Kuseri kwa nyumba ya amalume ake kunali Corolla yakale yodulidwa denga. Boyd anali makaniko pa loji ina, ndipo akaweruka ankaiumbira thupi latsopano ndi fibre, ija amamatira maboti. Anandionetsa pa foni chithunzi cha galimoto ya ku Italy, yaifupi, yokhala ngati yagona chafufumimba.

"Idzafanana ndi iyi," anatero.

Mmene ankafotokozera, maso akuwala... ndinabwerera kunyumba ndisanayeze ngakhale mpando umodzi!

Loweruka lotsatira ndinapitanso. Linalo ndinapitanso. Ndinaphunzira kupala fibre ndi sandipepa mpaka manja kuyabwa. "Asisi" uja anatha, ndinasanduka "Pam wanga". Tsiku lina tikupala chitseko anangoti, "Iwe, galimoto iyi ndi imene idzatinyamule pochoka ku tchalitchi."

Ndinangopala mwamphamvu kuti asaone kuti ndikumwetulira.

Pomanga galimoto yotere, chilichonse mumayamba mwakangana. Ine ndinkafuna penti ya orenji. Iye anakana.

"Yofiira ndiyo imayenda malonda. Orenji umaikonda iwe wekha."

Anzake ankamuuza kuti aike injini yaikulu kuti izibangula.

"Ndalama ya injini sibwerera," anawayankha. "Ya Corolla yomweyi ma spare ake ali paliponse. Koma ma rim abwino a matayala, amenewo amakweza resale value, mtengo wake pogulitsa."

Ndinamufunsa kuti, "Resale value ya chiyani pa galimoto yathu ya ukwati?"

"Aa, Pam, munthu umayenera kuganiza patali basi."

Ndinkaona ngati ndapeza mwamuna wanzeru, wosamwaza ndalama.

Pa mipando pokha ndinaumirira. Iye ankati nsalu yotchipa yooneka ngati chikopa ikwanira. Ndinati ayi, manja anga sangasoke zonamizira m'galimoto yoti ndidzakweremo nditavala veyilo. Ndinakwera basi kupita ku Chipata, n'kukagula chikopa chenicheni ndi ndalama zanga. Ndinasoka ndi ulusi wofiira, mzere uliwonse wowongoka ngati wojambula ndi rula. Potsamira mutu ndinapetapo zilembo ziwiri: P ndi B.

Galimotoyo tinaitulutsa pa Independence, 24 October. Anzanga, Mfuwe inaima! Azimayi pamsika anasiya tomato n'kuyamba nthungululu. Galimoto ya loji yochokera ku airport inaima pambali, azungu kusiya kudikira njovu n'kumajambula ife. Dalaivala wina anasuzumira mkati n'kufunsa kuti, "Ma seat awa mwaitanitsa kunja?"

"Kunja kwake n'kuno," ndinatero, ndikumuonetsa manja anga.

Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umadzaza.

Sabata yotsatira Boyd anabwera ku shopu atanyamula mipando yonse iwiri. Sankandiyang'ana kumaso.

"Pam, ungachotse zilembozi? Koma pasaoneke chipsera."

"Chifukwa?"

"A Silas sakuzifuna."

"A Silas ndi ndani?"

Apo ndiye zonse zinatuluka. A Silas anali mwini garaja ina ku Lusaka. Ndiwo anagula ma rim, ndiwonso anasankha penti yofiira ija. Anagwirizana ndi Boyd kalekale, ine asanandione n'komwe, kuti galimoto ikatha adzaitenga, ndipo Boyd adzapita nayo kukayamba ntchito kwa iwo.

"Nanga ku tchalitchi kuja?"

"Tidzapanga ina, Pam. Iyi inali yoyambira chabe."

"Unkafuna kundiuza liti?"

Boyd anayamba kusisita mpando, ine n'kufunsanso.

"Tsiku lija ndinkakwera basi ya ku Chipata, unkadziwa?"

"Ndinkaopa kuti ukadziwa usiya kubwera..."

Akanandiuza poyamba, anzanga, ndikanamusokerabe. Kugulitsa galimoto si tchimo. Mwina ndikanamuthandiza ngakhale kutchula mtengo. Koma anandisiya ndikusoka ukwati, iye akudziwa kuti ndi katundu wa munthu wina.

Mnzanga Felister anati ndiing'ambe ndi lezala mipandoyo. Ndinakana. Ndinakhala pansi n'kusomola ulusi umodziumodzi, misozi ikugwera pa chikopa, ine n'kumapukuta msanga kuti isasiye banga. Pamalopo ndinasokapo kachidutswa kena mwaluso moti ungalumbire kuti ndi mmene inapangidwira. Ntchito yochoka m'manja mwanga sipita ku Lusaka ili ndi manyazi.

Boyd anabweretsa ndalama ya chikopa. Ndinalandira, poti chikopa sichimera m'munda. Kenako anati, "Ndikakhazikika ndidzakuitanitsa."

"Usavutike, Boyd. Uyende bwino."

Galimoto inanyamulidwa pa lole. Sindinapite kukaionera.

Patapita mwezi foni inalira, nambala yachilendo. Anali a Silas, kufunsa ngati ndine amene ndinasoka mipando ija. Pano amanditumizira mipando pa basi, ndipo mtengo ndimatchula ndine. Ndalemba ntchito atsikana awiri, wina wa ku Msoro.

Boyd amaimba nthawi zina. Ndimamva mawu ake, pachifuwa pamalasabe, sindinama. Koma sindinabwerere.

Anzanga, ngati mukumanga chinthu ndi munthu, mufunseni poyera kuti mukumangira ndani. Ine ndinafunsa kamodzi kokha, n'kukhutira ndi yankho losamveka chifukwa ndinkamukonda.