Chikuto cha Pepala la Simenti

Pepala la sukulu lomwe ndili nalo ndi limodzi lokha: satifiketi ya Sitandade 8. Ku sekondale ndidapitako, koma ndidangothako chaka ndi theka. Tidamenyana ndi mnzanga polimbirana mpando, aphunzitsi adati ndikaitane makolo, ine n'kutuluka pageti osabwereranso. Mtima wanga ndi wapachala, ndipo zimenezi sindibisa. Ntchito yotsuka magalimoto idandithera chifukwa cha pakamwa, ya ku butchala chimodzimodzi.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ndi achimwene anga ndi akazi awo m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ina ku Area 3, komwe achimwene amayendetsa galimoto ya abwana. Achimwenewo ndiwo adandipezera mwayi wa umesenjala pa ofesi ina ku City Centre. Adati Lolemba ndikafike 8 koloko nditavala shati yosita, satifiketi yeniyeni ili m'manja, osati fotokope. Adanenanso kuti mkulu wa ofesiyo ndi munthu womaliza yemwe akumugwadira chifukwa cha ine. Zikakanika, ndikwere basi ndikathandize amayi kupalira fodya kumudzi.

Satifiketiyo ndinkaisunga m'buku lalikulu limene achimwene ankaphunzirira kale. Bukulo lidakutidwa ndi pepala la thumba la simenti, monga tinkachitira tonse kwathu, ndipo ine ndidailowetsa m'kapindo ka chikutocho, cha kumbuyo, kuti isakwinyike kapena kugwa. Kunena zoona, bukulo sindidaliwerengepo ngakhale tsamba limodzi. Kwa ine lidali sutikesi ya pepala langa basi.

Loweruka m'mawa ndidakwera pampando kuti ndilitsitse pamwamba pa kabati. Ndidangopezapo fumbi.

"Alamu, mabuku aja ali kuti?"

"Ndinakagulitsa Lachinayi," adayankha ali pakhonde akuchapa. "Mphemvu zinamangamo mudzi. Bwanji, mwayamba liti kuwerenga?"

Zimene ndidanena sindilemba pano. Alamu adandisiya ndilankhule mpaka mpweya utandithera, kenaka adandilozera njira ndi dzanja la thovu: kasitolo ka mabuku ku Old Town, m'kanjira kopapatiza, pakati pa telala ndi munthu wokonza mafoni.

Ndidapita chothamanga. Pafupi ndi khomo la kasitoloko padakhala mayi wina wokazinga mtedza pambaula. Ine ndi liwiro langa ndidagunda lichero lawo ndi bondo, mtedza wina n'kumwazika pansi.

"Iwe, maso wawasiya kunyumba?" adatero.

"Msewuwu munagula zingati?" ndidawayankha, n'kulowa.

M'kati mudali mdima pang'ono ndi fungo la mapepala akale. Cha kukhomo kudali mabuku atsopano a ana asukulu, ali m'mapulasitiki, ooneka ngati sakufuna kukhudzidwa. Kupitirira pamenepo kudali mabuku ogwiritsidwa kale ntchito, ounjikidwa mpaka kudenga, kanjira kapakati kongokwana munthu mmodzi woyenda chammbali. Mwini wake adali bambo wachikulire wovala kofiya yoyera ndi magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Adali atakhala pa kauntala akusoka msana wa buku ndi singano yosokera matumba.

Moni sindidapereke. Ndidamenya kauntala ndi chikhatho. "Mwagula katundu wanga popanda chilolezo changa. Muli satifiketi yanga m'menemo. Ndikuifuna pompano."

Bambowo adamaliza kaye kukoka ulusi wawo, n'kuudula ndi mano. "Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Ndati satifiketi yanga."

"Ndamva. Ife tadzuka bwino." Adawerama n'kutulutsa chitini chachikulu cha mabisiketi. "Yang'anani umu kaye."

Apa mpomwe ndidadziwira kachitidwe kawo. Buku lililonse lakale likabwera, asanalembe mtengo amaligwira pamsana n'kuligwedeza pamwamba pa lichero, ndipo chilichonse chogwamo amachiika m'chitinimo kudikira mwini wake. Mudali zithunzi za maukwati, timabuku ta kusikelo ta ana, makalata, ngakhale masatifiketi awiri. Ndidawatembenuza msangamsanga. Onse adali a anthu ena.

"Ndiye kuti silinagwedezedwe," adatero. "Dzina la bukulo?"

"Ndi lalikulu."

"Limenelo si dzina. Limakamba za chiyani?"

"Ndati ndi lalikulu. Kodi mukufuna kundilembetsa mayeso?"

Adandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwakhala nalo zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Eya. Anthu amasunga zinthu zawo m'mabuku chifukwa amadziwa kuti m'nyumba zambiri buku silitsekulidwa. Malo abwino kuposa banki."

Atatero bambowo adanyamuka. Adandiperekeza kumbuyo kwa sitolo n'kundionetsa makatoni asanu ndi atatu. Adati Lachinayi lomwelo kudabweranso galimoto yodzaza mabuku kuchokera ku banja lina la ku Area 14 lomwe linkasamuka, ndipo zonse zidasakanikirana. Lachisanu iwo adapita ku mzikiti, ntchito yogwedeza sadaigwire.

"Ndimatseka 1 koloko, ndipo Lamulungu sinditsekula," adatero akundipatsa lichero. "Limodzilimodzi. Muligwire pamsana, mofatsa. Limeneli si bulangete."

Nthawi idali itangokwana kumene 10 koloko. Ndidakhuthula katoni yoyamba, maso anga akufunafuna pepala la simenti lija. Sindidalione. Yachiwiri, yachitatu, ayi ndithu. Ndidaganiza kuti mwina alamu adaisolola satifiketiyo n'kuiponya m'buku lina, choncho ndidayamba kugwedeza lililonse. Ndipo ndinkagwedezadi ngati bulangete. Buku lina lonenepa lidathyoka msana m'manja mwanga, masamba ake n'kumwazika ngati nkhunda zodzidzimuka.

Bambowo sadakalipe. Adabwera n'kuika singano ndi ulusi pamwamba pa katoni. "Limenelo mudzalisoka inu. Pitirizani."

Kukalipa kukadakhala bwino. Munthu wokalipa ndimadziwa chochita naye. Koma munthu amene wangokusiyira singano umam'menyera pati? Ndidatolera masamba aja, n'kuyamba kugwedeza mofatsa.

M'lichero mudayamba kugwa zinthu. Tikiti ya basi ya ku Mchinji. Nthenga ya nkhanga. Lezala. Chithunzi cha mwamuna wina ataima pafupi ndi njinga, nkhope ya munthu amene adali pambali pake itadulidwa ndi sizasi. Kalata ina yofunsira mbeta, yomwe mwini wake sadatumize, idayamba ndi mawu akuti iye ngakhale ndi wamfupi koma ali ndi ng'ombe ziwiri. Ndidaseka ndekha m'kachipindamo, n'kuiwerenga yonse mpaka pansi, kuiwala kuti ndakwiya.

Makasitomala ankalowa ndi kutuluka. Mayi wina adabwera ndi mndandanda wa mabuku a mwana wake, n'kunenerera mpaka bambowo adamusinthira latsopano ndi lakale lomwe mayankho ake adali olembedwa kale ndi pensulo. Mkulu wina wa taye adaima pakona kwa theka la ola akuwerenga buku limodzi, kenaka adaikamo kachitsotso ka machesi n'kulibwezera pashelefu, n'kutsazika. Bambowo adati ameneyo amabwera Loweruka lililonse, ndipo bukulo saligulitsa mpaka atalimaliza.

Pamene ndinkafika pansi pa katoni yomaliza nthawi idali itapitirira 12 koloko. Zala zidali zakuda bii, mphuno zikuyabwa. Satifiketi kunalibe. M'mutu mwanga ndidaona mizere ya fodya ya kwathu, yaitali mpaka kudambo. Mkwiyo udabweranso wonse nthawi imodzi. Ndidapita pa kauntala lichero lili m'manja.

"Mwaligulitsa kale, nenani zoona. Makatoni onsewa mulibe buku la chikuto cha pepala la simenti ngakhale limodzi."

Bambowo adaika singano pansi. "Chikuto cha chiyani?"

"Pepala la simenti. Satifiketiyo ili m'kapindo ka chikutocho."

Adavula magalasi n'kudzipukuta kumaso ndi dzanja. "Achimwene, muno buku sililowa litavala. Ndimalivula pakhomo pomwe, chifukwa mphemvu zimaikira mazira m'zikutomo. Mukananena zimenezi 10 koloko, bwenzi pano muli kwanu mukusita shati."

"Simunandifunse."

"Ndinakufunsani mafunso awiri, inu munati ndi mayeso."

"Nanga zikutozo mumataya kuti?"

"Sinditaya. Ndimawapatsa amayi ali pakhomowo, amakulungira mtedza."

Ndidayang'ana ngati sitoloyo ili ndi khomo lina. Idalibe.

Nditatuluka ndidawapeza amayi aja akupinda pepala kukhala kachulu kosongoka, n'kuthiramo mtedza, n'kupatsa kondakitala wina wa minibasi. Maso anga adatsatira pepalalo mpaka lidakhota pakona. Lidali lochokera pa kalendala, osati la simenti.

"Abwana a msewu atuluka," adatero osandiyang'ana. "Mwabwera kudzatolera msonkho?"

Ndidanjuta pambali pawo. Ndidapereka moni wonse, wa thupi ndi wa kunyumba, umene sindidaperekepo kwa munthu chibwerereni m'tauni. Ndidapepesa. Kenaka ndidafotokoza nkhani yonse, kuyambira pamwamba pa kabati mpaka Lolemba.

"Ndiye sukulu yako yonse ili m'mapepala angawa?"

"Eya, amayi."

"Ndakulungira anthu ambiri chiyambire Lachinayi. Mwina wina anadya mtedza n'kupezanso ntchito." Telala wa pafupi, yemwe ankamvetsera makina ataimitsa, adaseka mpaka kutsokomola. Manja onse awiri ndidawapanikiza pakati pa mawondo.

Amayiwo adakoka thumba la mapepala lomwe adakhalira. "Ndiyang'ana ndekha, iwe manja ako ndawaona kale ntchito yake. Gwira ichi uzikupizira moto, mtedza wanga usazizire."

Adandipatsa chokupizira chawo, ine n'kuyamba kukupiza. Iwo ankatulutsa pepala limodzi, kulitambasula, kuliyang'ana mbali zonse ngati akusankha chitenje, n'kuliika pambali. Ena adali atawang'amba kale m'zidutswazidutswa. Lililonse la simenti likatuluka ndinkasendera pafupi. M'sitolo muja ndidamva bambo aja akukoka mashelefu a panja kulowetsa m'kati. Ndidakupiza mwamphamvu, makala n'kuyamba kuthetheka.

"Pang'onopang'ono, ukupsereza mtedza. Ukukupiza ngati ukumenya munthu."

Thumba lidatha. Amayiwo adalitembenuza n'kulikutumula, mudangogwa makoko a mtedza. Nkhope yawo idasintha, nthabwala zidawathera. "Pepa mwanawe. Ngati inali muno ndiye yapita."

Ndidasiya kukupiza. Fungo la chinthu chopserera lidandifika m'mphuno, ndipo poyang'ana ndidaona kuti ngodya ya chokupizira chija ikufuka utsi. Ndidaizima ndi zala. Apo mpomwe ndidachiyang'anitsitsa chinthu chomwe chidali m'manja mwanga nthawi yonseyi. Lidali pepala la simenti lopindidwa pawiri, lonona ndi mafuta a m'manja, koma lolimba kuposa anzake onse. Ndidatsekula kapindo kake. Dzina langa lidali pomwepo, likundiyang'ana.

Amayiwo adasuzumira. "Ndi imeneyo? Ndiye chifukwa chake chimakupiza bwino chonchi. Chinapita kusukulu."

Telala uja adachita kutuluka kuti adzaone. Bambo a mabuku nawo adaima pakhomo, loko ali m'manja. Adailandira satifiketiyo, n'kuiyang'ana padzuwa. Ngodya imodzi idapserera pang'ono, pakati padali mzere wa kupinda, m'munsi muli kadontho ka mafuta. Dzina ndi chidindo zidali bwinobwino.

"Muiike pansi pa nsalu, muisite ndi ayironi yofunda, osati yotentha," adatero. "Ndipo buku lanu lija ndi la mapu a maiko. Labuluu. Mwaligwedeza kawiri."

"Nanga ine ndizikupizira chiyani?" adafunsa amayi aja.

Ndidalowanso m'sitolo n'kudula chivundikiro cha katoni imodzi, n'kuchicheka bwinobwino ndi lezala lomwe lidagwa m'buku lija. Adachiyesa kawiri katatu n'kunena kuti n'chosaphunzira koma chigwira ntchito. Mtedza umene ndidautaya m'mawa uja adali atautolera m'kambale, wamchengamchenga. Ndidaugula wonse, ndipo ndidaudya m'njira ukundilumitsa mano. Buku lothyoka msana lija bambowo adandipatsira m'jumbo pamodzi ndi singano, kuti ndikalibweze litasokedwa.

Kunyumba alamu adandisitira okha satifiketiyo, pansi pa chitenje chawo cha kutchalitchi. Mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka. Lamulungu lonse ndidakhala pakhonde ndikusanja masamba motsatira manambala ake ndi kusoka. Ndidadzibaya kanayi. Tsamba lina ndidalisoka chozondoka, ndipo ndidazindikira chifukwa choti ndidali nditayamba kuwerenga nkhaniyo.

Lolemba ndidafika ku City Centre nthawi isanakwane. Mayi wolemba anthu ntchito adatenga satifiketi yanga, n'kuyang'ana ngodya yopserera ija, kenaka n'kuiyandikitsa kumphuno.

"Bambo, pepala lanuli likununkhira mtedza. Mumasunga kuti zinthu zanu? Ndiye makalata athu mudzawasamala inu?"

Yankho lidafika pakamwa msangamsanga, lakuthwa bwino, lofanana ndi lomwe lidandichotsa ku butchala. Ndidalimeza. Manja ndidawapanikiza pakati pa mawondo.

"Ndidzawasamala, mayi. Limeneli linasochera Lachinayi, ndalipeza Loweruka."

Adainunkhizanso satifiketi ija. Kenaka adatsekula kabati ya tebulo lawo n'kutulutsa fomu.

"Lembani dzina apa. Ndipo mukakhala kuti mukudziwa komwe amakazinga mtedza umenewu, mawa mubwere nawo."