Mbale Zisanu Zimene Ndidayanika Pathanthwe

Ndikukumbukira bwino malayini a antchito pa esiteti ya tiyi kumene ndidakulira, kumunsi kwa phiri la Thyolo, m'zaka za m'ma 1930. Nyumba zonse zinali zofanana, koma yathu yokha ndiyo inali ndi galamafoni. Bambo anga anali khukhi wa mzungu wina wachinyamata, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo adawasiyira makinawo pamodzi ndi mbale zisanu ndi imodzi za jazi, nyimbo za anthu akuda a ku Amereka. Poti bambo sankadziwa kuwerenga, mbale iliyonse adaitcha dzina lawolawo. Panali Ya Tambala, imene lipenga lake linkalira ngati kukucha, panali Ya Sitima, Ya Mkangano, ndi ina yaulesi, ya mayi wodandaula, imene ankaitcha Ya Maliro. Ankazisunga m'bokosi la tiyi, iliyonse m'kansalu kake, ndipo ife ana tinkazigwira ndi maso okha.

Lamulungu masana bambo ankanola singano pamwala, n'kupukusa makina, anthu n'kudzaza pabwalo pathu. Kumbuyo kwa onse kunkakhala a Nakhuwa, mkulu wosonkha moto ku fakitale, amene adabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi. Malaya awo sankachoka mwaye ndipo ankalankhula Chilomwe kwambiri. Anyamata ankawaseka kuti, "Mukumvapo chiyani inu, poti n'Chizungu?" Iwo ankangoyendetsa zala pabondo. Tsiku lina ndikutola nkhuni kuseri kwa fakitale ndidamva Ya Tambala ikulira, ndipo nditasuzumira ndidapeza ndi a Nakhuwa ndi kaligo wawo wa chingwe chimodzi. Atandiona adamubisa m'thumba.

Chaka chomwecho achemwali anga a Dorofi adapeza banja kwa kalaliki wa pasiteshoni ya sitima ku Luchenza. Abale a mkamwiniyo anali anthu ovala nsapato, ndipo ankatitcha "a m'malayini" mokweza mphuno. Bambo zidawapweteka. Adawauza pamaso pa ankhoswe kuti paukwatipo adzavina Ya Tambala mpaka nsapato zidzavuke, ndipo mawuwo adafika malayini onse.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndi mtima wofuna kuyamikiridwa. Kutatsala masiku awiri ndidatsegula bokosi lija mwakabisira, ndipo ndidapeza mbale zitachita chuku ndi chinyezi cha chiperoni. Kwathu chinthu chikachita chuku mankhwala ake ndi dzuwa, kaya ndi chimanga, kaya ndi bulangete. Ndidazitsuka bwinobwino, n'kukaziyanika pathanthwe pambali pa ufa wa amayi, dzuwa lake la Okutobala lija loswa mtengo. Ndidapita kukatunga madzi ndikuyimba. Safunsa adadya phula. Pobwera ndidapeza mbale zisanu zitapindika m'mbali ngati zipewa. Idapulumuka Ya Maliro yokha, chifukwa inali pamakina.

Bambo sadandimenye, ndipo bola akadandimenya. Adayesa Ya Tambala, singano ikukwera n'kutsika, tambala uja akulira ngati waledzera. Adayimitsa makina n'kunena motsitsa mawu kuti, "Esinati, wandivula pagulu."

M'mawa mwake ndidathamangira ku fakitale. A Nakhuwa ndidawapeza akuwaza nkhuni za bulugamu, thukuta lili kamukamu.

"Agogo, ndapalamula," ndidatero, n'kufotokoza zonse misozi ili chuchuchu. "Mudzabwere mawa ndi kaligo."

"Iwe mwanawe, kaligo wanga pamaso pa anthu ansapato? Adzandiseka."

"Amakusekani kale Lamulungu lililonse, inu osafa. Koma mawa adzaseka ababa."

Adandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupitiriza kuwaza nkhuni. Ndidabwerera mtima uli m'mwamba.

Tsiku la ukwati, anthu atadya, alendo a ku Luchenza adayamba kufunsa za galamafoni yotchukayo. Bambo adasowa pogwira, n'kuyika Ya Maliro. Mayi wa ku Amereka uja adayamba kudandaula pang'onopang'ono, anthu n'kumayang'anana. Azakhali a mkwati, mayi wonenepa wovala nsapato zofiira, adafunsa mokweza kuti, "Kodi abale, wamwalira ndani?" Chiseko chidabuka. Bambo nkhope idagwa, ine ndikulakalaka nthaka itandimeza.

Mbaleyo itangotha, kuseri kwa msasa kudamveka tambala. Mawu ake anali omwe aja, kukwera komwe kuja, ngakhale kakupuma kamene woliza lipenga ankapuma asanakuwe kachitatu. A Nakhuwa adatulukira atavala malaya ochapa, kaligo ali pachifuwa, maso ali pansi. Bambo adayima kukamwa kuli yasa. Kenaka adakoka bokosi la tiyi lopanda kanthu lija n'kuyamba kuliwomba ndi zipande ziwiri, chifukwa ng'oma ya nyimboyo ankaidziwa pamtima.

Mbale inkatha msanga, munthu usanatuluke n'thukuta lomwe, koma a Nakhuwa analibe potha. Atafika pamene mbale inkalekezera adapitirira ndi zawozawo, akuyipinda nyimboyo mpaka idayamba kununkhira tchopa wakwathu, n'kuyibweza kwa tambala, n'kulowa Ya Sitima osayima. Amayi othyola tiyi adalulutira. Fumbi lidati koboo. Ndidaona ndi maso angawa azakhali aja akuvula nsapato zofiira, n'kuzipatsa mwana kuti agwire, iwo n'kulowa m'bwalo chiuno chili gwedegwede. Bambo adandiyang'ana, n'kuloza nsapatozo ndi chipande, akuseka mpaka misozi. Chimwemwe chonga chimenecho sindidachimvenso, ngakhale paukwati wanga.

Kuyambira Lamulungu lotsatira, a Nakhuwa ankakhala pampando wa bambo, kutsogolo, ndipo anyamata aja ankalimbirana kuwanyamulira thumba.

Lero ndakalamba, ndipo nthenda ya bambo idandigwira: mbale za jazi zadzaza kabati yonse, zina zogula, zina zotumiziridwa ndi ana. Masiku ano nyimbo zimangotuluka m'wailesi popanda wonola singano, ndipo aliyense wodziwa kukhwekhwereza gitala amajambulidwa. A Nakhuwa palibe adawajambula, ngakhale chithunzi. Alendo okonda jazi akabwera amandifunsa kuti mwa mbale zonsezi yopambana ndi iti. Ndimawalozera kukhoma, kumene ndidapachika Ya Tambala, yopindika ngati chipewa. Amadabwa kuti imeneyo singalire. Ndimawauza kuti idalira kamodzi, ndi chingwe chimodzi, ndipo anthu a ku Luchenza adabwerera kwawo nsapato zili m'manja.