Imvi za Deacon

Mayi Lorraine Pruitt anayendetsa basi ya ana a sukulu mpaka mawondo awo atayamba kudandaula. Atapuma pantchito, anthu ankayesa kuti azingoluka zipewa pakhomo, koma iwo anakadzipereka kumalo osungirako agalu osowa mwini, kumapeto kwa tauni yawo ku Minnesota. Ntchito yawo inali kujambula agalu n'kuika zithunzizo pa intaneti kuti anthu abwere kudzawatenga.

Galu woyera savuta kujambula. Koma wakuda, pachithunzi amangooneka ngati thumba la makala, maso osaoneka, ndipo anthu amangomupitirira. Apa m'pamene panali luso la mayiwa. Ankawalitsa chithunzi pang'onopang'ono mpaka maso a galuyo atatulukira.

Tsono laputopu yawo yakale inasankha sabata yoipa kuti ife. Makola anali atadzaza, ndipo Deacon, galu wakuda wokalamba, wa imvi kukamwa, anali woti atumizidwa kumalo ena osungirako agalu kumzinda Loweruka akapanda kupeza mwini. Agalu okalamba akapita kumeneko sabwerako, ndipo mayiwa ankadziwa.

Amuna awo, a Wendell, anagula laputopu yatsopano, n'kusanduka katswiri tsiku lomwelo. Munthu woti ngakhale wailesi ya m'galimoto imawazunguza mutu!

"Pulogalamu yotsegulira intaneti tiike iyi," anatero a Wendell. "Akuti ndi yaliwiro."

"Ndili pa mpikisano ine? Ndikufuna yoti ilowe patsamba la agalu, basi."

Yaliwiroyo inakana kutumiza chithunzi patsamba lawo lachikale lija. Ina inangoyamba kuwafunsa mafunso ngati wapolisi. Yomwe a Wendell ankainyoza ndi imene inagwira ntchito, ndipo bambowo anangokhosomola.

Vuto lalikulu linali pulogalamu yokonzera zithunzi. Yomwe mayiwa anaizolowera inali pachimbale, koma laputopu yatsopanoyo inalibe poika chimbale. A Wendell anapeza ina yoti ungodina kamodzi, yokha n'kumaliza zonse. Anadinadi. Deacon anatuluka ali waliwali, imvi zonse zitachoka, ngakhale khutu lake long'ambika litasokedwa.

"Taonani kamnyamata!" anatero a Wendell. "Ameneyu mawa lomwe atengedwa."

"Ameneyu ndi ndani? Ine sindikumudziwa."

"Mayi inu, mukufuna galu apulumuke, kapena mukufuna kuwina mkangano?"

Mawuwo anawalasa mtima, chifukwa anali ndi nzeru. Koma mayiwa anaonapo mabanja akubwera kudzatenga galu wosewera ndi ana, n'kumubweza patangopita masiku atazindikira kuti ndi nkhalamba. Galu wobwezedwa amangogona chafufumimba, ngakhale chakudya osachiyang'ana.

"Kodi inuyo nditakudetsani imvizo, wokutenganiyo n'kudzakubwezani, ndikakuikani kuti?" anafunsa mayiwo.

"Ine wonditenga analipo mmodzi yekha, ndipo sanandibweze," anayankha a Wendell akukanda dazi.

Mayi Lorraine anasankha pulogalamu ina yosakongola, yodzaza ndi timabatani tosokoneza. Anatukwana nayo masana onse mpaka anapeza chimodzi chokha chomwe ankafuna: powalitsira. Maso a Deacon anatulukira, odekha ndi otopa. Imvi anazisiya momwemo, khutu lomwe, n'kutumiza chithunzicho.

Kenako kunangoti zii. Agalu ena ankatengedwa, koma za Deacon panalibe wofunsa. Mayiwa anachita mantha kwambiri kuti makani awo apha galu. Pofika Lachisanu anali atatsegula chithunzi chonama chija, chala chili pafupi kudina kuti achitumize, pamene chitseko cha ofesi chinatseguka. Analowa bambo wina wachikulire wa ndodo, nadzitchula kuti ndi a Halvorsen.

"Ndabwerera wa imvi uja, mayi, ngati sanatengedwe."

"Mukudziwa kuti ndi wokalamba, bambo? Sathamanga."

"Nanga ine mwandiona ndikuthamanga? Tiagalu tating'onoti tingandigwetse pamadzi oundana panjapa. Nditaona kukamwa kwakeko pachithunzi ndinati, uyu ndi mnzanga."

Mayi Lorraine anangokhala pansi pathumba la chakudya cha agalu. Mtima unagwa m'malo, misozi n'kubwera yokha, ndipo sanachite nayo manyazi.

"Musaiwale kuti laputopuyo ndinagula ndine," anatero a Wendell, omwe anabwera kudzawatenga.

Mayiwo ankayang'ana pawindo, pomwe a Halvorsen ankalowera kugalimoto yawo pang'onopang'ono, ndodo patsogolo. Deacon anatsogola pang'ono, kenako anaima, n'kutembenuka kuwadikira.