Zingwe za a Makatoni

Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi akazi awo okha, ena tonsefe timangoti a Makatoni. Kwa zaka zisanu ndi zinayi akhala akupanga mipando ya ana amene khosi ndi msana sizilimba, m'kachipinda kakuseri kwa sitolo ya matayala. Amamata makatoni ndi phala la ufa, kuyanika, kumatanso, mpaka mpando ulimbe gwa ngati thabwa. Amapanganso masitulo ogulitsa, koma mipando ya anawo amapereka ulere.

Tepi yoyezera sayikhulupirira. Mwana aliyense amamuyeza ndi chingwe chakechake: mfundo ya pabondo, ya m'chiuno, ya pakhosi. Chingwecho amachikoleka pamsomali kuti chidikire nthawi yake. Mpando umodzi umatha sabata yathunthu, ndipo chaka chatha kukhomako kunkalendewera zingwe makumi anayi.

Abwana a bungwe limene limawatolera makatoni adafuna kuti ntchito ikule: masaizi atatu okha, mipando zana pamwezi. A Makatoni adaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana si phazi, abwana. Za masaizi kafunseni ogulitsa nsapato."

Amake Kabwana, mayi wachitsikana ndithu, adadikira miyezi isanu ndi iwiri. Anamwino adali atawachenjeza kuti mwanayo akamadya chogona, tsiku lina chakudya chidzalowera m'mapapo. Ndiye Kabwana akangotsamwa, iwo ankamudzutsa msangamsanga. Loweruka lililonse ankabwera kudzaona ngati chingwe chawo chasendera, n'kukhala pakona phee, maso ali pamanja a mkuluyo.

Tsiku lolandira mpando, Kabwana sadakwanemo. Mawondo panja, m'chiuno mothina. A Makatoni adamuyezanso ndi chingwe chija: mfundo zonse zaperewera.

"Iwe Kabwana, wakuloleza ndani kukula ine ndisanamalize?"

A Makatoni adaseka, koma maso adali kukhoma. Eni zingwe zonsezo nawonso ankakula.

"Bambo," adatero amake Kabwana motsitsa mawu, "mutadula mbali iyi apa, n'kuwonjezera makatoni atatu kumsanaku, sangakwane?"

"Aa! Zimenezo mwaziphunzira kuti, mayi?"

"Pakona pomwepa. Ndikudziwanso kuti Loweruka phala mumalisukulutsa, pothamangira mpira pawailesi."

"Akazi anga akamva zimenezo ndatha ine!"

Adawapatsa mpeni. Mayiyo adadula mowongoka. Patatha masiku anayi Kabwana adakhala tsonga mumpandomo, nadya mbale yonse osatsamwa, malovu ali chuchuchu pachibwano, akumenya kathebulo ka pampando wakewo ngati mwini kampani.

Madzulo ake a Makatoni adaimbira abwana aja. Adati masaizi atatu ayi, koma awapezere matebulo asanu ndi mipeni khumi. Kuyambira Loweruka likudzali aziitana amayi asanuasanu, aliyense apange yekha mpando wa mwana wake, iwo azingoyendera ndi kukonza polakwika. Za phala adati aziyang'anira amake Kabwana.