Tsiku Limene Ndinachapa Majezi

Amuna anga anali kaputeni wa timu ya m'komboni mwathu ku Chawama, ndipo chifukwa cha ukaputeniwo thumba la majezi linkagona kwathu. Nyumba yathu inali ya chipinda chimodzi. Bedi, mbaula, chidebe cha madzi, mwana wa miyezi isanu ndi iwiri, ndiye thumbalo pakona.

Zinali zaka zija za mizere. Ukaona anthu andanda, unkayamba waimapo, kenako nkumafunsa kuti kukugulitsidwa chiyani. Unga wa nsima, mafuta ophikira, shuga, sopo, zonse zinali zosowa. Amuna anga ntchito inali itawathera kalekale. Ankapita kutauni m'mawa kukasaka ganyu nkubwera chimanjamanja. Koma Lamlungu masana, ee, anali munthu wina! Akavala jezi yofiira nkuima kumbuyo kuja, panalibe wodutsa. Ine ndinkagulitsa vitumbuwa m'mbali mwa bwalo, ndipo ndikamva anthu akuwakuwira ndinkasiya ogula ali chiimire. Masiku amenewo ndimawasowa, ndi njala yake yomwe.

Chaka chimenecho ligi inayamba mvula isanatheretu, ndipo anyamata anayamba ndi moto. Masewera oyamba tinawina ku Kanyama, m'matope ofika m'akakolo. Achiwiri tinawina pakhomo. Achitatu, achinayi, chimodzimodzi. Komboni yonse inasanduka ya aphunzitsi a masamu. Pampopi, pamsika, ngakhale potuluka m'tchalitchi, anthu ankawerenga mapointi ndi zala, amvekere, "Chaka chino tikwera ise, muzaona!"

Kukwerako sikunali kosangalatsa chabe. Bwana wina wa fakitale anali atalonjeza kuti timu ikakwera ligi yapamwamba aitenga kukhala ya kampani yake, ndipo aliyense amene dzina lake lili pamndandanda wa osewera adzamulemba ntchito. Ntchito ya pamwezi! Amuna anga zaka zinali zitapita, maondo atayamba kulira. Ankadziwa kuti mwayi wina sudzabweranso, inenso ndinkadziwa.

Tsono majezi. Poyamba sanachapidwe chifukwa sopo kunalibe, basi. Koma titawina kachinayi, akochi athu, mdala wouma mutu wochokera kumigodi, ananunkhiza thumba lija nkulamula kuti, "Aya majezi osachapa mpaka tikaluze. Mwayi uli mu thukuta." Anyamata onse anavomera. Anali anthu opemphera, ena oimba kwaya, koma pa nkhani ya mpira nzeru zinkawathawa.

Akochiwo ankagona kwawo kopita mphepo. Wogona ndi thumbalo ndinali ine. Fungo lake, mayo ine! Thukuta la amuna khumi ndi mmodzi, matope a ku Kanyama, nkhungu yobiriwira m'khwapa mwa jezi iliyonse. Ndikalitulutsa panja, amuna anga ankalibweza m'nyumba, kuopa kuti a timu ina angadulepo kansalu nkupita nako kwa sing'anga. Ndinadandaula, ndinatukwana, iwo nkumangoseka. "Pirirani, amake mwana, Novembala si patali." Ligi inkatha m'Novembala, ndipo apo nkuti tili m'Meyi.

Kenako mwana anayamba kutsokomola. Chifuwa chouma, chosatha, mpaka kamwana kutuluka misozi. Kuchipatala mankhwala kunalibe. Anesi anangondifunsa ngati m'nyumba muli chinyezi kapena nkhungu. Ndinachita manyazi pokumbukira thumba lija.

Tsiku lina Lachisanu kusitolo kunabwera sopo. Ndinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, mwana kumsana, nkupeza mtanda umodzi. Pofika kunyumba amuna anga kunalibe. Ndinayang'ana thumba, ndinayang'ana mwana, mtima unandiwira. Ndinakhuthulira majezi onse m'bafa nkuchapa imodziimodzi, madzi akuda bii kutaya katatu. Ndinawayanika kuseri kwa nyumba, pakati pa matewera ndi zitenje. Atauma mpamene mantha anandigwira. Ndinawagubuduza m'fumbi kuti aoneke akuda nkuwabwezera m'thumba, ndikudziona ngati wochenjera. Za fungo la sopo sindinaziganizire.

Amuna anga atabwera anaima pakhomo, anakoka mpweya, nkundiyang'ana. Anangonyamula mwana nkukhala naye panja.

Lamlungu tinasewera ndi timu ya ku Matero, imene inkatitsatira pamapointi. Anyamata ankavalira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa golo, pafupi ndi pomwe ndinkakhala ndi beseni langa. Ndinaona wina akununkhiza kolala, nkukodola mnzake. Analowa m'bwalo ngati anthu opita kumaliro. Miyendo inawalemera, mipira yosavuta inkawadutsa, ndipo a ku Matero anatichinya zigoli ziwiri, ife osapeza ndi chimodzi chomwe.

Masewera atatha akochi anasonkhanitsa anyamata pamtengo paja, anthu atazungulira. Anakweza jezi m'mwamba. "Nindani wachapa? Ba kaputeni, thumba igona kwanu. Ni bakazi banu?"

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinkawadziwa anthu akwathu. Akanandiphwanyira beseni, akanandiimba nyimbo pampopi mpaka ndisamuke.

"Ni ine," anatero amuna anga. "Bakazi banga benze kumsika. Ninachapa neka."

Akochi anawavula ukaputeni pomwepo, thumba linapita kwina. Sabata yotsatira dzina lawo linafufutidwa pamndandanda, akuti anagulidwa ndi a ku Matero. Munthu amene anasiya khungu la maondo ake pabwalo limenelo! Timu inapunthwa masewera ena awiri, kenako inadzuka, ndi majezi ochapa omwewo, ndipo m'Novembala inakweradi. Komboni inavina mpaka fumbi koboo. Bwana uja anasunga lonjezo lake. M'mawa tinkawaona anyamata akupita kuntchito atavala maovololo atsopano, amuna anga ali m'mbali mwa msewu, akuswa miyala yogulitsa.

Chifuwa cha mwana chinatha, koma ine sindinapepese. Ndine wouma khosi, ndimadzidziwa. Ndinkadikira kuti andikalipire, inenso ndiwabwezere mawu, tithane nazo. Sanatero. Lamlungu ankapitabe kubwalo, nkuima kumbuyo kwa anthu, nkumakuwira timu yomwe inawataya mokweza kuposa onse. Zimenezo zinkandipweteka kuposa mbama.

Patapita zaka, tsiku lina masana ndikuwathira amuna anga madzi ofunda m'manja mong'ambika ndi nyundo, ndinalephera kupirira. Ndinati, "Ntchito ija ndinakulandani ndine." Ndipo ndinalira, ine amene ngakhale pamaliro misozi imandivuta.

Anayang'ana manja awo.

"Imwe munachapa tsiku imene munapeza sopo," anatero. "Ine ninamvera mwana wanga atsokomola masabata atatu, thumba nili kuiyang'ana chabe. Pamtengo paja sininaname kuti nikubiseni. Ninalakalaka nikanakhala ine wochapa."