Mano a Ipyana

Ipyana ndi mwana wa Kenan, mwana wanga woyamba, ndi mkazi wake Dora. Onse awiri anatisiya. Ipyana ali ndi ana awiri, Allan ndi Towera. Amagulitsa mpunga pa Uliwa, ndipo palibe amene amamubera pa sikelo. Ndinamulera ndine kuyambira ali ndi zaka zitatu.

Mano aubwana ataguluka, atsopano anamera ndi mizere yofiirira ngati khasu logonera pamvula. Kwathu kulibe auve. Ndinkamupana mutu pakati pa mawondo anga, n'kumakwecha manowo ndi makala osakaniza mchenga mpaka nkhama kuchucha magazi. Akalira, mbama. Tsiku lina anandiluma chala chachikulu mpaka pafupa. Ndinamukwapula ndi lamba wa malemu atate ake mpaka lambayo anaduka. Chipsera ndili nacho.

Kusukulu anamupatsa dzina loti Dzimbiri. Iye ankayankha ndi zibakera. Atathyola mphuno ya mnzake wa m'kalasi, aphunzitsi anandiitana. Ndinawafunsa kuti, "Nanga mphunoyo imafuna chiyani pafupi ndi dzanja la mdzukulu wanga?" Koma kunyumba kukwecha sindinaleke, ndipo mwanayo anasiya kuseka.

Anakwatiwa ndi Gordon, wa kabaza. Chaka chatha, masana pamsika, Gordon anafuna kuseketsa anzake.

"Amuna anzanga, ine ndinakwatira msomali wakale. Mayi a Allan, tasekani anthu aone!"

"Tabwerezani, bambo a Allan."

Anabwereza. Ipyana anatola chitsulo cha pa sikelo, cha makilo awiri chija. Mano atatu a Gordon, oyera mbee, anagwera mumpunga.

Kuchipatala Ipyana anamuperekeza yekha, akumulalatira njira yonse. Dokotala wa mano akusoka mlomo wa Gordon anaona m'kamwa mwa wolalatayo, n'kumufunsa kumene ankamwa madzi ali mwana. Ankamwa pamjigo wa kuseri kwa nyumba yanga, umene ndinakangana ndi mudzi wonse kuti ukumbidwe pafupi ndi ine. Dokotala anati madzi a mijigo ina amakhala ndi mchere wochokera m'miyala, wotchedwa fuloraidi, womwe uja amaika m'mankhwala otsukira mano. Wochepa umalimbitsa mano. Ukachuluka umawathimbiriritsa asanamere n'komwe, adakali m'nkhama. Sukwecheka, ndipo kuwiritsa madzi sikuuchotsa.

Ipyana anabwera molunjika kwa ine, magazi a mwamuna wake ali pachitenje, n'kundifotokozera zonsezi ali chiimire pakhomo.

"Agogo, akuti ndi madzi."

"Ndamva."

"Akuti sindinali wauve."

Anadikira. Ine ndinayang'ana chala changa chija, ndiye ndinati, "Wadya?"

Ananyamula ndowa yanga yodzaza, n'kukaimenyetsa pamjigo kasanu mpaka inang'ambika pansi.

Gordon anapepesa, ndipo masiku ano amayankhula mosamala, mphepo ikutulukira m'mano. Ipyana amabwera Lamlungu lililonse ndi mpunga wanga, ndi chigubu cha madzi a mvula cha ana ake. M'nyumba mwanga Towera salawa ngakhale dontho la madzi a pamjigo. Pochoka, Ipyana amaima pakhomo pomwe paja, milomo ili chitsekere, kudikira. Mawu opepesa amene akudikirawo ndikuwadziwa. Lamlungu lapitali mawuwo anandifika mpaka pakhosi. Ndinamufunsa ngati Allan wachira chifuwa.