Kapepala ka m'Bokosi la a Dzifa

A Dzifa Agbenyo analowa mu labotale yathu ku Kumasi ngati otsuka mabotolo. Ine Konadu ndinalowa ndi madigiri awiri ndi nsapato zogogoda. Musaiwale zimenezo, chifukwa mpomwe pankandiwawa.

Bambo awo anali wojambula zithunzi ku Ho, nthawi ya mafilimu ija. A Dzifa anakulira m'kachipinda kotsukira zithunzi, pansi pa kababu kofiira, moti pofika zaka khumi ankathira mankhwala osayang'ana n'komwe. Mafoni atapha ntchitoyo, a Dzifa anagulitsako waakye, mpunga wophika ndi nyemba, pasiteji, kenako n'kupeza ya mabotoloyi.

Kuno timapanga tinthu tochepetsetsa kuposa fumbi, n'kutisenzetsa kachidutswa ka DNA. Tinthuti tikalowa m'selo, ife timayatsa kuwala kwa buluu, ito n'kutula katunduyo, selo lija n'kuyamba kuwala mobiriwira pa maikulosikopu. Koma kuwala kukatipeza tikadali m'botolo, katundu amatulidwa pomwepo, ntchito ya milungu itatu n'kulowa m'madzi. N'chifukwa chake zonse zimasakanizidwa mumdima, mabotolo atakulungidwa ndi foyilo.

Mumdima ine ndimagwetsa zinthu. A Dzifa amangoimba nyimbo ya kutchalitchi, mavesi awiri akatha amadziwa kuti mphindi zisanu zakwana. Pulofesa, mkulu wa labotaleyi, ataona zimenezo anawachotsa pasinki n'kuwapatsa ntchito yosakanizayi.

"Madamu a madigiri, mwathiranso pa nsapato?" ankatero a Dzifa. "Manja anuwa anapita kusukulu, koma phunziro la mdima anajomba."

Ndinkaseka nawo mokakamiza. Maselo awo ankawala mlungu uliwonse. Anga, pa zaka zinayi, anawala katatu kokha.

Chaka chatha kunabwera maikulosikopu yatsopano, n'kuikidwa m'chipinda chapamwamba. Pulofesa anati aliyense akonze zake, ndipo amene maselo ake awale bwino ndiye asunge kiyi wa chipindacho. Kiyi kwa wotsuka mabotolo, ine ndili pomwepa? Nsanje inandigwira.

Lachitatu masana, onse atapita kokadya, ndinatulutsa bokosi la a Dzifa m'firiji n'kukalitsegulira pawindo. Munali kabotolo kamodzi. Ndinakavula foyilo, n'kukasiya padzuwa mpaka mtima wanga utakhuta. Kenako ndinakakulunga bwinobwino, n'kubweza bokosi pamalo pake.

Mawa lake a Dzifa anandiitana pambali, kapepala kotuwa kali m'manja.

"Achemwali, aka mukukadziwa? N'kapepala ka zithunzi, kotsala kwa bambo anga. Ndimaika m'bokosi lililonse. Kakaona kuwala kamada, ndipo sikanama."

Ndinayamba kunamizira okonza firiji kuti mwina ndiwo anatsegula bokosilo.

"Iyayi, musadzivute. Foyilo mwapinda ngati kalata ya ku ofesi. Ine ndimapotokola ngati switi." Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Zanga zili m'firiji yapansi, zili bwinobwino. Kabotolo kaja ndinapangira inu. Ndimati ndisinthe ndi kaja munathira mchere kawiri Lolemba."

"Kanga?"

"Nanga katatu kaja zanu zinawala, mumayesa ndani? Ndimati ziwale za tonse, ndiye kiyi apatse wa madigiri. Ine kiyi ndikatani naye, mawondo angawa angathe masitepe amenewa?"

Ndinkafuna anditukwane, mwina akandinenere, kuti ndipeze chowadera. Iwo anangoponya kapepalako m'bini n'kufunsa ngati ndadya.

Lachisanu maselo awo anawala mbale yonse. Anga anali bii. Kiyi ali nawo a Dzifa, amamuvala m'khosi pa kachingwe, ndipo masitepe aja amakwera akupumira pakati. Pulofesa mpaka lero sadziwa kanthu. Ndikafuna maikulosikopu ndimagogoda, iwo n'kunditsegulira akuimba.

Ndinkayesa manyazi apha nsanje, koma ayi. Kale ndinkawachitira nsanje ya manja okha, pano ndi ya mtima womwe.

Pabalaza pa amayi anga pali chithunzi cha maselo obiriwira, chimene ndinaika m'felemu tsiku limene anga anawala koyamba. Sindinachichotse. Alendo akabwera, amayi amachiloza n'kunena kuti, "Taonani manja a mwana wanga." Ine ndimadzuka kukatenga madzi.